Ndinakweza malipiro koma atelala akundichokerabe: kodi chimamukhazika munthu mtima pansi pa ntchito n'chiyani?

MwiniShopu_Limbe
Akuluakulu a pa gulu lino, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene munalembapo anthu ntchito komanso kwa inu amene munalembedwapo. Ndili ndi kampani yaing'ono yosoka mayunifolomu a ana asukulu ndi maovololo ku Limbe, ndipo ndinkagwira ntchito ndi anthu 14. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinaona mmene anzangawa ankavutikira ndi mitengo ya chimanga, lendi ndi minibasi, choncho ndinawakwezera malipiro ndisanapemphedwe. Pamene boma linkakweza malipiro ochepetsetsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024, atelala anga onse anali atapitirira kale pamenepo. Komabe m'miyezi 8 yapitayi atelala atatu andichokera, ndipo ndi omwe ndinkawadalira kwambiri. Chimene chandipweteka mtima ndi chakuti mmodzi mwa iwo, mayi amene ndagwira nawo ntchito zaka 7, apita pa shopu ina ku Ndirande kumene ndamva kuti akulandira zocheperapo. Kodi munthu amasiya bwanji ndalama zambiri n'kutsata zochepa?

KalalikiWakale
Bambo, musanatiuze kuchuluka kwa malipirowo, tatiuzani kuti amabwera tsiku liti.

MwiniShopu_Limbe
Timayesetsa kulipira kumapeto kwa mwezi, koma sukulu zina zimachedwa kutipatsa ndalama zathu, motero nthawi zina timafika pa 8 kapena pa 10 mwezi wotsatira. Koma palibe amene ndinam'dyera ndalama yake ngakhale tambala imodzi.

KalalikiWakale
Sindikukayika kuti ndinu munthu wachilungamo, koma yankho lanu lili ndi mbali ya vutolo. Ine ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki pa kampani ina kumene malipiro anali abwino ndithu koma analibe tsiku. Mwininyumba amafuna lendi yake pa 1, wogulitsa makala amafuna zake, kusukulu ya mwana amafuna zawo, ndipo ku banki mkhonde tsiku loponya silisuntha chifukwa chakuti bwana wako sanalandire cheke. Ndiye munthu amapita kwa akatapila kukatenga ndalama zoti adzabweze ndi chiwongola dzanja chachikulu, kotero kuti malipiro akamafika pa 10 amakhala kuti anadyedwa kale. Zimene munawaonjezera zija mwina zikuthera m'thumba mwa akatapila. Ndinachoka pamalo aja n'kupita kumene ankalipira zocheperako koma pa 27 mwezi uliwonse mosaphonya, ndipo ndi pamenepo pamene ndinayamba kugona tulo.

AkauntantiArea47
Tisazungulire, anzanga. Nkhani ndi ndalama basi. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, kenako mu 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, ndipo ndi olemba ntchito ochepa kwambiri amene anakweza malipiro mofanana ndi mmene zinthu zinakwerera m'sitolo. Munthu akhoza kulandira ndalama zambiri pa pepala pamene thumba la ufa limene akubwera nalo kunyumba lachepa. Za mayi a ku Ndirande aja, n'kutheka kuti akukhala komweko ndipo sakulipiranso minibasi kawiri pa tsiku, choncho m'thumba mwawo mukutsala zambiri kuposa kale.

MphunzitsiWaUtsogoleri
Mfundo ya minibasi ndi yomveka, koma sindikuvomereza kuti nkhani ndi ndalama zokha. Mu 1959 katswiri wina wa ku America, Frederick Herzberg, pamodzi ndi anzake, anafunsa mainjiniya ndi maakauntanti pafupifupi 200 a m'dera la Pittsburgh kuti afotokoze nthawi imene anasangalala kwambiri ndi ntchito yawo komanso nthawi imene inawaipira kwambiri. Anapeza kuti mayankho a mafunso awiriwa sankafanana. Pofotokoza zowawa, anthu ankatchula malamulo a kampani, mmene akapitawo ankawayang'anirira, ubale wawo ndi mabwana, malo ogwirira ntchito ndi malipiro. Pofotokoza zokoma, ankatchula kukwanitsa ntchito yovuta, kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo, kukwezedwa, ndiponso kukoma kwa ntchito yeniyeniyo. Herzberg anamanga mfundo yakuti kukonza zinthu za gulu loyambalo kumachotsa madandaulo koma sikubweretsa chimwemwe pakokha. Zili ngati kufolera nyumba yodontha: mukaifolera, anthu amasiya kudandaula za mvula, koma sikuti banjalo layamba kukondana chifukwa cha udzu watsopanowo. Bambo a ku Limbe afolera mbali imodzi ya denga, ndipo tifunika tidziwe za mbali zinazo ndi za m'nyumbamo.

AkauntantiArea47
Aphunzitsi, anthu amene anafunsidwawo anali mainjiniya a ku America amene ankadya katatu pa tsiku. Telala wa ku Bangwe amene sadziwa ngati ana adya madzulo sangaike kuyamikiridwa patsogolo pa ufa.

MphunzitsiWaUtsogoleri
Mwanena zoona, ndipo akatswiri ena anamutsutsa Herzberg pa zifukwa ngati zomwezo. Ena anatinso munthu mwachibadwa amadzitamandira pa zabwino n'kuloza ena chala pa zoipa, ndiye mayankho aja sakanalephera kugawika choncho. Koma taonani kuti mayi tikuwakambawa sanapite kumene kuli ufa wambiri. Chilipo china chimene chinawalemera kuposa ndalama, ndipo ndi chimenecho tikufufuza.

NamwinoKuBritain
Ndiloleni ndiikepo zimene ndinaona ndi maso anga, chifukwa ife anamwino tinayesedwapo ndi mankhwala a ndalama omwewa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ambiri ankachoka m'zipatala za kwathu kupita kunja kapena ku mabungwe, ndipo boma, mothandizidwa ndi dziko la Britain komanso Global Fund, linakhazikitsa ndondomeko yapadera imene inaonjezera 52 peresenti pa malipiro a ogwira ntchito zaumoyo kuyambira mu 2005. Ndalamazo zinathandiza, sindingakane, ndipo anzanga ena amene anali atasiya anabwerera. Ine ndinalandira nawo koma ndinachokabe. Chimene chinandichotsa ndi usiku umene ndinkakhala ndekha m'wodi yodzaza, magolovesi atatha, mankhwala amene dokotala walemba kulibe, m'mawa mwake n'kudzudzulidwa pamaso pa odwala ndi munthu amene sanandifunse n'komwe kuti usikuwo unayenda bwanji. Munthu ukaidziwa ntchito yako umafuna kuigwira bwino, ndipo palibe chimene chimafoola ngati kudziwa chofunika kuchita koma wopanda chochitira. Kuno ntchito ndi yolemetsa ndipo kwathu ndimakusowa tsiku lililonse, koma ndandanda ya mashifiti ndimaidziwa pasadakhale, ndipo ndikanena kuti chipangizo china chawonongeka pamakhala wolemba ndi woyankha. Bambo a ku Limbe, kodi makina anu ali bwanji? Telala waluso akamasokera pa makina odumphitsa ulusi, manyazi a chovala chopindika amakhala ake.

MwiniShopu_Limbe
Mayi, makina ena ndi akale ndithu. Atsopano ndi atatu okha, ndipo amene amagawa kuti uyu akhale pa makina awa ndi kapitawo.

AphunzitsiKumudzi
Ine ndine mphunzitsi wa pulaimale ndipo ndakhala pa giredi imodzi kwa zaka zoposa 10, m'nyumba imene denga lake ndimakonza ndekha dzinja likamayandikira. Mukandifunsa za malipiro ndidzadandaula mpaka dzuwa kulowa. Koma ndaphunzitsa pa sukulu ziwiri, malipiro ofanana, ana ochuluka mofanana, ndipo pa ina ndinkadzuka mtima uli wolemera pamene pano ndimapita mokondwa. Kusiyana kwake ndi mphunzitsi wamkulu. Woyamba uja maphunziro apadera okhala ndi alawansi akabwera ankatumiza anthu awiri omwewomwewo, ndipo ife tinkangomva atabwerako. Amene ndili nawo panowa analemba mayina athu pakhoma la ofesi, ndipo aliyense amadziwa kuti ulendo wotsatira ndi wa yani. Ndalama za alawansi si zambiri, koma kukondera kumawawa kuposa umphawi, chifukwa umphawi timagawana pamene kukondera kumakuuza kuti iwe ndiwe wosafunika.

WaBungweLaAntchito
Zimene zanenedwa ndi zofunika, koma ndikufuna tibwerere pansi penipeni, chifukwa zinthu zina zimene olemba ntchito amaziona ngati chifundo chawo ndi ufulu wa wantchito umene uli m'malamulo. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48. Ola lililonse loonjezera pa tsiku wamba liyenera kulipidwa kamodzi ndi theka, ndipo munthu akagwira pa tsiku lake lopuma kapena pa holide ya boma alipidwe kawiri. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, wogwira masiku 5 ali ndi masiku 15. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 olipidwa mokwanira kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kusintha kwa lamuloli mu 2021 kunapatsanso abambo masabata awiri. Lamulo la penshoni la 2011 linakhazikitsa kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Ndiye bambo, ndikufunseni mwaulemu mafunso atatu. Mu Ogasiti ndi Seputembala, sukulu zikamatsegulira, atelala anu amaweruka nthawi yanji, ndipo maolawo amalembedwa pati? Ndalama za penshoni zimene mumadula zimafika kumene ziyenera kupita? Ndipo kodi aliyense ali ndi kalata yofotokoza ntchito yake ndi malipiro ake?

MwiniShopu_Limbe
Mafunso anu andilasa, koma ndinabwera kudzafuna thandizo, choncho ndiyankha zoona. Nyengo ya mayunifolomu timaweruka 8 koloko usiku, nthawi zina 9, makamaka magetsi akazima masana n'kubwera madzulo. Maolawo sitilemba. Ndimawagulira chakudya chamadzulo ndi kuwapatsa ya minibasi, ndipo pa Khirisimasi ndimapereka bonasi imene ndinkaganiza kuti imakwirira zonsezo. Za penshoni ndili m'mbuyo ndi miyezi 5, chifukwa ndinagwiritsa ntchito ndalamazo kugula nsalu mitengo itakwera, ndili ndi maganizo odzabweza. Makalata a ntchito ali nawo anthu 6 okha amene ndinayamba nawo.

WaBungweLaAntchito
Ndikuthokozani chifukwa chosabisa. Dziwani kuti bonasi ndi mphatso imene mumapereka mukafuna, pamene ovataimu ndi ngongole, ndipo wantchito amasiyanitsa ziwirizi ngakhale asanene. Za penshoni zikonzeni msanga, chifukwa 5 peresenti imene munadula ija si ndalama yanu, ndipo antchito amadziwa akapita kukafunsa sitetimenti. Milandu yotere ikafika ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti loweruza milandu ya zantchito la Industrial Relations Court, imakudyerani zambiri kuposa nsalu munagulazo.

TelalaWaChizimayi_Zomba
Bambo, mwatchula kapitawo mongodutsa, koma ine monga telala ndikuona kuti nkhani yagona pamenepo. Kodi kapitawoyo ndi ndani kwa inu, ndipo amadziwa kusoka?

MwiniShopu_Limbe
Ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Anaphunzira za bizinesi ku koleji. Kusoka sadziwa kwenikweni, koma amasunga bwino mabuku ndi makiyi a sitolo ya nsalu.

TelalaWaChizimayi_Zomba
Ndiye mverani zimene zimachitika pansi pamene bwana ali ku banki kapena kokafuna maoda. Ndinasokapo zaka 4 pa shopu imene woyang'anira anali m'bale wa mwini wake, mnyamata woti ndikanatha kumubereka. Iye sankadziwa kuti kolala ya shati imatenga nthawi yotani, kapena kuti nsalu ya ovololo imathyola singano, koma ndiye ankatiuza kuti tikuchedwa dala. Ankaitana amayi akuluakulu ndi dzina lawo loyamba, n'kumawanena kuti iwe, pamaso pa makasitomala. Makina abwino ankapatsa atsikana amene ankaseka nthabwala zake, ndipo wina atakana zimene ankamufuna anasamutsidwira ku ayironi. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa nkhanza zotere pa ntchito, koma mukadandaula kwa yani pamene wolakwayo amadya nsima pa mbale imodzi ndi bwana? Sindikunena kuti mphwanuyo amachita zimenezi, chifukwa sindimudziwa. Ndikungoti m'bale wa bwana akakhala kapitawo, khomo lodandaulira limatsekeka, ndipo anthu amasankha kuchoka mwakachetechete, n'kunena kuti apeza pafupi ndi kunyumba. Chinanso, mayi amene asoka zaka 7 pamalo amodzi amayembekezera kuti tsiku lina adzafunsidwa nzeru, kapena kupatsidwa udindo woyang'anira odula nsalu. Akaona kuti pabwera mwana wa dzulo kudzawalamulira, amadziwa kuti pamenepo afika pothera.

MwiniGalaja_Mzuzu
Mayi, tisawaweruze msanga olemba ntchito. Ine ndinaikapo munthu wapadera kuti asunge sitolo ya zipangizo za galimoto, ndipo m'chaka chimodzi ndinataya katundu wambiri. Timaika abale chifukwa tinapsapo. Komanso ife eni mabizinesi ang'onoang'ono tili pakati pa moto: ndalama zakunja zogulira katundu zikusowa, misonkho ikudikira, makasitomala akuchedwa kulipira, ndipo wantchito akufuna zake pa tsiku lake. Sikuti timachedwetsa malipiro chifukwa cha nkhanza.

TelalaWaChizimayi_Zomba
Bambo a ku Mzuzu, makiyi a sitolo apatseni abale anu, palibe akuletsa. Koma kusunga makiyi ndi kuyang'anira anthu ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo yachiwiriyo imafuna munthu wodziwa ntchitoyo ndi wodziwa kulankhula ndi akulu.

KalalikiWakale
Ndionjezere pa za kuchedwa kwa makasitomala. Antchito amamvetsa mavuto akauzidwa. Chimene chimapweteka ndi kufika pa 30, bwana osanena kanthu, inu n'kumangoyang'ana nkhope yake kuti muone ngati lero kuli ndalama. Mukanawaitana pa 25 n'kuwauza kuti sukulu yakuti sinalipire, theka mulandira pa 30 ndipo theka lina pa 8, aliyense akanakalankhula ndi mwininyumba wake nthawi ilipo.

GogoWaPenshoni
Ana anga, ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti tonse tikulosera pamene mwini yankho ali moyo ndipo ali pa Ndirande pomwepa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Bambo a ku Limbe, nyamukani nokha, osatuma mphwanu, osaimba foni, mupite kunyumba kwa mayiwo Loweruka masana monga mlendo. Musapite kukawanyengerera kuti abwerere, chifukwa akaona kuti mwabwera ndi cholinga chimenecho adzakuyankhani zaulemu zokhazokha. Muwauze kuti mwabwera kudzaphunzira, ndipo akayamba kulankhula musadziteteze ngakhale pamene mukuona kuti akulakwitsa. Ndinayang'anira anthu zaka zambiri pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo zoona zenizeni za ntchito yanga ndinkazimva kwa anthu amene anali atachoka kale, chifukwa iwo analibenso choopa.

MwiniShopu_Limbe
Akuluakulu, ndabweranso patapita masiku 9. Ndinatsatira malangizo a agogo ndipo ndinapita ndi mayi a kunyumba kwanga, poona kuti sikukanakhala koyenera kufika ndekha. Anatilandira bwino, ndipo poyamba ananena za minibasi monga mmene a akauntanti analoserera. Titakhalitsa, mayi a kunyumba atawafunsa za ana, ndi pamene anamasuka.

Anati mu Seputembala chaka chatha apongozi awo aakazi anamwalira ku Chiradzulu, pa sabata imene tinali ndi oda yaikulu ya sukulu ina. Ine ndinali ku Lilongwe. Atapempha kuti apite, mphwanga anawauza kuti apongozi si mayi wowabereka, ndipo anawalola tsiku limodzi lokha la kuika maliro. Iwo anakhala masiku atatu monga mwambo ufunira kwa mkamwana, ndipo pobwera anapeza kuti adulidwa malipiro a masiku awiri, komanso makina awo apatsidwa kwa wina. Chimene chinawapweteka koposa, anatero, n'chakuti ine nditabwera sindinawapepese maliro, ndipo palibe aliyense wa ku shopu amene anatumidwa kukakhala nawo pa siwa, pamene m'masabata a m'mbuyomo anali akuweruka 9 koloko usiku osawerengera. Kunena zoona ine sindinauzidwe kuti kunagwa zovuta, koma sindingabisale kumbuyo kwa zimenezo, chifukwa munthu amene ndagwira naye zaka 7 anasowa masiku atatu ndipo sindinafunse kuti ali kuti. Anatchulanso za penshoni. Anapita kukafunsa ndipo anapeza kuti ndalama sizikulowa, koma anaopa kundifunsa poganiza kuti zikafika kwa mphwanga.

Sabwerera, ndipo sindinawapemphe. Kumene ali amadula okha nsalu, amaphunzitsa atsikana awiri, ndipo mwini shopu amawafunsa asanalandire oda. Ndinawapepesa maliro aja ngakhale mochedwa, ndi kuwabwezera za masiku awiri zija.

Lolemba ndinakhala pansi ndi onse 11 otsala, mphwanga palibe. Tagwirizana kuti pakhale buku lolembamo maola oonjezera limene azisunga ndi mmodzi wa iwo, kuti malipiro azituluka pa 28 ngakhale zitatanthauza kuti ine ndilandira mochedwa, ndiponso kuti asankhe okha telala wamkulu woyang'anira ntchito ndi kagawidwe ka makina. Mphwanga atsala ndi mabuku ndi sitolo. Ndalankhula ndi a kampani yosunga penshoni za kubweza ngongole ija pang'onopang'ono. Makina atsopano sindingakwanitse chaka chino, ndipo ndawauza mosabisa. Nkhani yovuta imene yatsala ndi ya mlongo wanga, amene wamva kale kuti mwana wake wachotsedwa pa ukapitawo ndipo sakundiyankha foni.

WaBungweLaAntchito
Mwayamba bwino. Musaiwale makalata a ntchito a anthu amene alibe, ndipo mulembemo masiku amene munthu angapite ku maliro ndi a ndani, kuti nkhaniyi isadzadalirenso mtima wa amene ali pa mpando tsiku limenelo. Ovataimu ya nyengo yapitayi muiwerengerenso pamodzi ndi iwo, kuphatikizapo atatu anachoka aja.

MwiniGalaja_Mzuzu
Za mlongo wanuzo, pitani ndi amalume anu kapena wamkulu wina wa kubanja mukakambe pamaso, musazisiye pa foni. Ine ndikufuna ndidziwe mmene buku la maola lidzayendere ikafika Ogasiti, chifukwa amakaniko anga nawonso amaweruka usiku galimoto ya kasitomala ikafunika m'mawa, ndipo sindinalembepo ola ngakhale limodzi.